Katundu wa Msambadzi

Mu 2008, m'mashopu muli pululu, ku Caledonia, dera la kunja kwa likulu, aliyense ankashambadza, ngakhale aphunzitsi amene. Ndi mawu a Chishona, kutanthauza kutsatsa malonda.

Mayi Paulina mawuwo ankadana nawo. Malemu amuna awo, bambo Raul, amene anabadwira ku Tete n'kudzakalambira pa famu ya fodya, ankati mawuwo ali ndi manda ake. Kale, iwo ankatero, Apwitikizi ankakhala phee pamthunzi n'kumatuma anthu akuda, asambadzi, kusenza nsalu ndi mikanda kukasinthanitsa ndi golide kumtunda kuno. Kusambadza kunali kuyenda, kufuulaku n'kwa lero. Ndipo ambiri njira inkawadya.

"Kwa msambadzi salira msanga," ankatero bambo Raul. "Amadikira. Katundu akafika yekha, mwiniwake palibe, maliro ndi amenewo."

Ndiye taonani, mwana wawo mmodzi yekhayo, Melina, anayamba ulendo wa ku Tete komweko, kukagulitsa nsalu zoluka za patebulo n'kubwerako ndi mpunga. Ulendo unkatenga sabata. Ulendo uno mwezi unatha asanabwere.

Mayi Paulina anayamba kumumva. Mkazi aliyense wodutsa mumsewu akuitanira malonda ankamveka ngati Melina, ndi kakokedwe kake komwe ka mawu. Ankathamangira panja, dzanja pachipumi, n'kupeza ndi mwana wa eni. Mantha ankawadya usana wonse, koma misozi ankaimeza, kuopa kulira munthu wamoyo.

Atatopa, anauyamba wapansi mpaka ku Mbare Musika, msika waukulu wokwererapo mabasi, n'kumafunsa basi ndi basi. Kondakitala wina atamva dzinalo anasiya kuitanira anthu.

"Ndinu amai vaMelina?" anafunsa, akusakaniza ndi Chishona. "Anatsikira pa Nyamapanda, pachipata cha m'malire. Anatsegula m'mimba koopsa. Anati tsogolani nacho chikwama, ndikupezani mawa."

"Mawa lake liti, bambo?"

"Patha masabata atatu. Ndinasowa kokachipereka."

Anachitulutsa pansi pa mpando, chikwama chachikulu chamizeremizere. Pazipi panali kansalu kofiira kamene mayi Paulina anamangapo okha kuti chisasokonekere ndi za ena. Mpunga unalimo wonse, osachotsapo ndi dzanja limodzi lomwe.

"Mwina abwera," anatero kondakitala, maso ali pansi.

"Nditwikeni," anayankha mayi Paulina.

Anawatwika. Atangoponya phazi loyamba, pakati pa anthu onse ofuula malonda aja, anayamba kulira maliro.