Oyilo wa Pageti ndi Abakha a Kumunsi

Galimoto ya a Mawa inayamba kudontha oyilo mvula itangoyamba kugwa. Inali galimoto yakale yonyamula buledi kuchokera ku bekale kukasiya m'magolosale. Popeza bwalo la nyumba yawo linali laling'ono, galimotoyo inkagona kunja kwa geti, m'mbali mwa msewu. M'mawa uliwonse ikanyamuka, pamene yagonapo pankatsala banga lakuda lalikulu ngati mbale, ndipo pambali pake pankakhala timadzi tobiriwira tochokera mu redieta yoziziritsa injini.

Dzina lakuti Mawa silinali la makolo ayi. Anawapatsa ndi anthu a mumsewuwo, chifukwa chinthu chikawonongeka pakhomo pawo, kaya ndi loko wa chitseko kaya mpopi wa kubafa, yankho lawo linali limodzi, lakuti akonza mawa. Anali munthu wabwino, wosayambana ndi anthu, kungoti mawa lawolo silinkafika. Za galimotoyo ananenanso zomwezo. Oyilo akachepa ankangothira wina, madzi akachepa ankangowonjezera. Tsiku lina anayala katoni kunsi kwa injini, mphepo n'kuitenga, nkhani n'kuthera pomwepo.

Akazi awo anali telala, ndipo ankasokera pakhonde. Pa nkhani ya ukhondo panalibe wowaposa mumsewu monsemo. Anali munthu woti tsamba likagwera pageti, amasiya makina n'kukalitola. Choncho banga la oyilolo linkawasowetsa mtendere. Makasitomala ankachita kulidumpha atakweza nsalu zawo m'mwamba, ndipo a telala ankachita manyazi ngati adontheza ndi iwo. Atatopa ndi kudandaula, anaganiza zothana nalo okha. Galimoto ikangochoka, ankatuluka ndi ndowa ya madzi otentha, sopo wa ufa ndi tsache lolimba. Ankakwecha mpaka thovu litada, kenako n'kukankhira zonse mu ngalande. Pofika nthawi yoti ana azipita kusukulu, pagetipo pankakhala pali mbee. Odutsa ankayamikira, iwonso mtima unkakhala m'malo.

Msewuwo unali wotsetsereka, ndipo ngalandeyo inkatsika nawo mpaka kunyumba yomalizira. Kumeneko madzi ankayamba adikha pachithaphwi asanalowe mu kamtsinje. M'nyumba yomalizirayo munkakhala mayi wamasiye woweta abakha, mnzawo wapamtima wa a telala. Anthu ankangowatchula kuti amayi a abakha. Mazira ndi abakhawo ndiwo ankawadyetsa, iwo ndi adzukulu awo. Kukacha, abakha ankatuluka pampata wa mpanda kukasambira pachithaphwipo, eni ake n'kukwera kumtunda kukacheza pakhonde pa a telala, uku akuwathandiza kusokerera mabatani.

Posakhalitsa abakha aja anayamba kudwala. Nthenga zawo zinkanata, ndipo akatuluka m'madzi ankakhala atanyowa ngati nkhuku, akunjenjemera. Ankangokhalira kudzikonza nthenga ndi milomo, osadya. Tiana ndi timene tinayamba kufa, kenako abakha oikira mazira. Amayi a abakha anagula mankhwala a nkhuku poganiza kuti ndi chitopa, koma sizinathandize. Khola linkachepa iwo akuona.

M'mawa wina amayi a abakha anafika pakhonde paja maso ali ofiira. Anati madzi a pachithaphwi akununkha ngati m'galaja, ndipo akukayikira kuti pali wina amene akutayira oyilo mu ngalande. A telala anapsa mtima kuposa eni abakha. Anatchula galaja ya kuseri kwa msika, anatchulanso okonza njinga zamoto a pamphambano, n'kumaliza ndi mawu akuti anthu auve sadzatha padziko pano.

"Musangokhala manja lende, achemwali," anatero. "Pitani ku khonsolo mukanene. Amene akuchita zimenezi apezeke, ndipo asamunyengerere."

Amayi a abakha anamvera malangizowo.

Patapita masiku angapo kunabwera mayi woyendera zaukhondo wa ku khonsolo, atavala majombo, kandodo kali m'manja. Anayambira pachithaphwi. Pamwamba pa madzi pankayandama mitundu yonyezimira ngati utawaleza. Anavundula matope ndi kandodoko, ananunkhiza, n'kunena kuti ndi oyilo wa galimoto. Sanapite ku galaja kuja. Anangoyamba kukwera m'mbali mwa ngalande kutsatira kumene mitunduyo inkachokera, amayi a abakha ali pambuyo. Anadutsa makomo a udzu wosatchetcha, anadutsanso pakhomo pamene pankangotayidwa majumbo, koma oyiloyo ankachokerabe kumtunda. Anakaima pageti loyera kuposa onse.

Tsikulo a telala anachedwa kutsuka chifukwa ankamalizitsa diresi ya munthu. Alendowo anawapeza ali m'kati mokankhira thovu lomaliza mu ngalande. A telala anawalonjera mwansangala, n'kufunsa ngati wopalamula uja wapezeka. Mayi wa ku khonsolo anayang'ana mu ngalande. Anasuntha pang'ono kumtunda kwa geti, pamene madzi a mu ngalande anali oyera, kenako anabwerera kumunsi kwake, pamene mitundu ija inkayambira. Atatero anafunsa mwaulemu kuti akutsuka chiyani.

"Ndi oyilo wa galimoto ya abambo," anayankha a telala. "Koma sakhalitsapo ayi. Ndimatsuka tsiku lililonse."

Mawu omalizawo anatuluka pang'onopang'ono, chifukwa anali atayamba kudzimvera okha. Anayang'ana tsache, anayang'ana ngalande, kenako anayang'ana mnzawo. Amayi a abakha anali atawerama.

Mayi wa ku khonsolo anafotokoza mosakweza mawu. Anati madzi ndi sopo sizithetsa oyilo, zimangomunyamula. Akalowa mu ngalande amayandama mpaka kumene madziwo akupita. Bakha akasambiramo, nthenga zimasiya kumuteteza, amazizidwa, ndipo podzikonza ndi mlomo amameza oyiloyo. Za timadzi tobiriwira tija anati n'toopsa kuposa mmene timaonekera, chifukwa timakoma ngati muli shuga, ndiye galu, mphaka, ngakhale mwana wokwawa angathe kunyambita n'kudwala kwambiri. Anakumbutsanso kuti kamtsinje kaja anthu a kumunsi amathirira nako ndiwo zamasamba.

Akulankhula choncho, galimoto ija inatulukira. A Mawa anali atamaliza ulendo woyamba wa buledi, ndipo anabwera kudzamwa tiyi. Anaimika pamalo pa masiku onse, pomwe panali patangotsukidwa kumene. Asanamalize n'kupereka moni komwe, dontho loyamba linagwa pansi aliyense akuona. Lachiwiri silinachedwe.

Atamva nkhani yonse, a Mawa anakanda pamutu n'kuyesa kudziteteza. Anati ndi timadontho chabe, galimoto zakale zonse zimatero, ndipo msewu ndi wa boma, si bwalo la munthu.

"Wa boma ndiye kuti wa tonse, bambo," anayankha mayi wa ku khonsolo. "Malamulo athu salola munthu kutayira oyilo mumsewu kapena mu ngalande, kaya wachita kuthira kaya wangosiya galimoto kuti izidontha. Pali chindapusa, ndipo mukapitiriza galimotoyi siloledwa kugona pano. Wa njinga yamoto akaterereka pa oyiloyu mvula itagwa, mlandu wake ukhala wanu. Lero ndangokuchenjezani. Ndibweranso sabata yamawa kudzaona."

Kenako anawaonetsa zoyenera kuchita. Podikira kukonza, aziika beseni lakale kunsi kwa injini kuti oyilo azigweramo. Pamene padontha kale azithirapo utuchi kapena mchenga wouma, azisiya kuti umwe oyiloyo, azisesa n'kuika m'thumba lomanga bwino. Thumbalo asalitaye m'chimbudzi kapena m'dzala, ndiponso asaliotche. Azipita nalo kumalo amene khonsolo inakonzera zinyalala zoopsa, ndipo oyilo wa m'beseni azikapereka ku galaja yolandira oyilo wakale. Za abakha otsala anati amayi aja akaonane ndi mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo, ndipo asawatulutsenso mpaka chithaphwi chitayeretsedwa.

Mayi wa ku khonsolo atachoka, amayi a abakha nawonso anatembenuka n'kutsikira kwawo. Sanakalipe, sanatsanzike. Zimenezi zinawapweteka a telala kuposa kutukwanidwa. Anachita manyazi kwambiri, ndipo anali ndi mantha kuti mnzawo sadzapondanso pakhonde pawo.

A Mawa anatsegula geti kuti akamwe tiyi wawo. Anauza akazi awo kuti asadandaule, nkhaniyi ndi yaing'ono, galimoto apita nayo ku galaja mawa. A telala anatsamiritsa tsache kukhoma n'kuwayang'ana.

"Bambo, abakha a mnzanga ndawapha ine ndi tsache ili," anatero. "Inu munkangondipatsa oyilo m'mawa uliwonse. Mawa lanulo, kumunsi kuja kukafa bakha wina."

Tiyi uja anazizirira patebulo. A Mawa analiza galimoto n'kupita ku galaja nthawi yomweyo, zimene zinadabwitsa ngakhale aneba amene ankasuzumira pampanda. Makaniko anaikweza, analowa kunsi ndi tochi, n'kupeza kuti kalabala kotseka oyilo kanali katatha ndipo paipi ya redieta inali itang'ambika pafupi ndi polumikizira. Sinali ntchito yaikulu. Anawauza kuti akanachedwa pang'ono injini ikanapsa ali panjira ndi buledi wa eni ake, ndipo pamenepo ntchito yonyamula buledi ikanathera pompo. Anawaonetsanso diramu la pakona limene amasungiramo oyilo wakale, n'kunena kuti aliyense angathe kubweretsa wake. Dzuwa lisanalowe galimoto inali itabwerera pageti, pansi pake pali gwa.

Kutacha a telala sanatenge ndowa. Anapita kwa kalipentala kukapempha utuchi, anauwaza pamabanga akale, anausiya umwe, n'kusesa mwakachetechete. Atamaliza anatsikira kumunsi ndi amuna awo, atanyamula fosholo ndi matumba. Anachotsa matope akuda a pachithaphwi, a Mawa n'kupita nawo kumalo amene mayi wa ku khonsolo ananena. Amayi a abakha ankangoonerera ali pakhomo pawo. Koma itafika nthawi yosambitsa abakha otsala ndi madzi ofunda, monga mmene mlangizi wa ziweto anawauzira, anaona kuti okha sangathe. Bakha sakhala phee munthu akamamusambitsa. A telala anagwada n'kugwira mapiko, mnzawo n'kumatsuka nthenga. Anagwira ntchitoyo mpaka bakha womaliza, akulankhulana za madzi ndi nsanza zopukutira basi.

Sabata yotsatira mayi wa ku khonsolo anabweradi. Anayang'ana kunsi kwa galimoto, anatsika ndi ngalande mpaka pachithaphwi, ndipo sanapeze mitundu ija. Anati nkhani yatha, palibe chindapusa. A Mawa, mwa kufuna kwawo, anagula abakha aakazi kwa mlimi wina n'kukapereka kumunsi, ndipo anatseka mpata wa mpanda uja kuti abakha azituluka pokhapokha eni ake akafuna. Anakonzanso mpopi wa kubafa kwawo, koma dzina lija silinawachoke.

Pakhonde pa a telala, mpando wa mnzawo unakhala wopanda munthu kwa kanthawi ndithu. Mabatani ankasokerera okha. Kenako m'mawa wina, abakha atayambiranso kuikira, amayi aja anakwera chitunda atanyamula mazira m'kambale. Anaima pageti n'kuyang'ana pansi, pamene banga lakale linkaonekabe pang'ono pa simenti.

"Achemwali, pageti panu pada masiku ano," anatero.

"Pade choncho," anayankha a telala. "Abakha ali bwanji?"

"Akusambira."

Anakhala pampando wawo wakale, anatenga singano, n'kufunsa kuti mabatani a malaya aja ali kuti.

Galimoto yanu ikayamba kudontha oyilo kapena madzi a mu redieta, ikonzeni lero. Podikira, ikani beseni pansi pake, ndipo podontha pathireni utuchi kapena mchenga, musese, mukataye kumalo oyenera. Mukaona galimoto ya mnzanu ikudontha, muuzeni mwaulemu, ndipo akakana kumva kaneneni ku khonsolo. Musatsukire oyilo mu ngalande. Malamulo amaletsa, ndiponso madzi sathetsa oyilo. Amangomuchotsa pageti panu n'kukamusiya pakhomo pa mnzanu wa kumunsi.