Atelala Apha Ndani Chaka Chino?

Iwe mnzanga, khala pansi umve za banja lina, dzina ndabisa.

Foni ya malemu inali patebulo, batire itatsala pang'ono, aliyense akuiyang'ana ngati iluma. Panali patangotha masiku atatu chiikireni m'manda bambo a nyumbayo, atelala apakona paja. Khirisimasi iliyonse ankatenga nyimbo yakutchalitchi, kuikamo mawu awoawo, n'kuphamo m'bale mmodzi. Amalume anafa atameza tayi. Azakhali inawapha wigi. Amayi anafa kanayi konse. Wophedwayo ankaseka mpaka kugwira nthiti, chifukwa atelala ankapha anthu awo okhaokha.

Mpongozi wawo, zaka zisanu ndi ziwiri pabanjapo, anali asanaphedwepo.

Nyimbo ya chaka chino inali mufonimo, palibe anali ataimva.

"Fufutani," anatero azakhali. "Munthu wajambula nyimbo ya imfa, m'mawa mwake n'kugwera pamakina. Mukufuna tidziwe wotsatira?"

"Inu munafa kale azakhali, mukuopa chiyani?" anatero mwana wa malemu, mwamuna wa mpongoziyo.

"Usandiyankhe ngati mnzako iwe!"

Amayi anakankhira foni kwa mpongozi, poti ndiye ankadziwa mokanikiza. "Fufuta mwanawe, mitima ikhale pansi."

Mpongozi akafufuta, sadzadziwa mpaka kalekale. Akaimvera n'kupeza kuti aphanso amalume, ndiye kuti apongozi apita akumuona ngati mlendo.

Chala chinalakwitsa dala.

Anayamba kumveka makina osokera, kenako liwu lija, losasa, lachimwemwe:

"Mpongozi wanga wafa lero, aleluya!
Wafa ndi ulemu, aleluya!
Anaima pakhomo kudikira 'lowani',
Mpaka anaumira pomwepo, aleluya!"

Azakhali anagwira pakamwa. "Mayo ine, mwana wa eni ake!"

Nyimbo inali itaduka, koma zojambulazo zinali zisanathe. Atelala anatsokomola, kenako anayamba kudziyankhulira chapansipansi.

"Iyayi, mwina akwiya mwanayu. Chaka chathanso ndinaopa chomwechi."

Makina anazungulira pang'ono, n'kuima.

"Aaa, basi. Afe. Ndi wanga."

Mpongozi anatsegula pakamwa kuti aseke, koma chinatuluka china. Amayi anasendera pampando, n'kumukokera pambali pawo.

Nanga iwe, kwanu akanakupha ndi chiyani? Ndilembere vesi yako, ndiiyimbe.