Mwana Woopa Mphepo

Chisasukireni denga la kalasi ndi mphepo ya mkuntho, mwana wamkazi wa mayi wosoka zovala sanalinso yemwe uja. Tsiku limenelo anabisala pansi pa desiki, malata akuuluka, anzake akulira. Sanavulale, koma chitseko chikangomenyetseka ankanjenjemera ngati wa malungo.

Mayi ake nawo mtima unali m'mwamba. M'mawa uliwonse ankatuluka kukasuzumira kumwamba ngati a zanyengo osalembedwa ntchito. Masamba akangogwedera, basi: "Vula yunifolomu, lero usapite." Mwana ankangokhala pambali pa makina, akutola tizidutswa ta nsalu, mayeso akuyandikira.

Tsiku lina aphunzitsi ake anafika pakhomo.

"Mayi, mwanayu tikumutaya. Akapitiriza kujomba, sukulu aisiya."

"Aphunzitsi, bola mbuli yamoyo. Ine ndikuopa."

"Ndikumvetsa. Koma mukamubisa, mumtima mwake amati zoona, kuja n'koopsa. Mantha akamathawidwa amakula. Tiyeni timuzoloweze pang'onopang'ono."

Anayambira pakhomo pa kalasi, ana onse ataweruka. Mwana anangoima pomwepo, osalowa.

"Ukuganiza chiyani?" anafunsa aphunzitsi.

"Denga ligwa."

"Limenelo ndi ganizo chabe. Tiye tilifufuze. Tayang'ana mitanda yatsopanoyo ndi misomaliyo. Kokera mpweya m'kati, uutulutse pang'onopang'ono, kenako udziuze kuti, ndikuopa, koma denga ili n'lolimba."

Mawa lake mwana anakhala pa desiki ya pafupi ndi chitseko. Kenako anayamba kukhala pakati pa anzake. Masiku ena ankalira n'kubwerera, koma palibe anamukalipira kapena kumuseka.

Tsiku la mayeso kunachita mdima masanasana, mphepo n'kuyamba kuwomba. Mayi anasiya diresi ili pa makina, n'kuthamangira kusukulu opanda nsapato. Atafika pawindo anamuona. Malata ankalira, milomo ya mwana ikuyenda, kubwereza mawu a aphunzitsi aja. Anafunitsitsa kumuitana atuluke, koma anadzigwira pakamwa. Mwana anapumira m'mwamba, n'kutolanso cholembera.

Potuluka anati, "Amayi, ndinaopa kwambiri. Koma ndamaliza."

Mwana amene waona zoopsa musamubise m'nyumba, musamukakamizenso. Mumvereni, muthandizeni kufufuza maganizo omuopsawo, ndipo mogwirizana ndi aphunzitsi, mubwezereni m'kalasi pang'onopang'ono. Mantha akapitirira, kaonaneni ndi alangizi kapena a zaumoyo.