Foda ya a Magalasi

Zilembo zofiira zinatuluka pakompyuta cha m'ma 9 koloko m'mawa, zachidule ngati yankho la munthu wokwiya: dzina ili latchulidwa kale.

Kamagalasi anayesanso. Zomwezo. Dzina lakelo anamupatsa ndi anzake a mu ofesi, chifukwa mpando umene ankakhalira unali wa bambo ake, a Magalasi, amene anagwa ndi sitiroko miyezi inayi m'mbuyomo. Mwini wakeyo magalasi sankavala n'komwe. Abwana anamulemba mongomuyesa, ndipo anali atanena poyera kuti kontrakiti ya sukulu ya anamwino ikapanda kutuluka tsiku limenelo, mpandowo aupereka kwa wina.

Kontrakiti imeneyi si ya papepala ayi. Ndi pulogalamu yosunga masatifiketi a ophunzira kuti akamberembere asamapange abodza, ndipo imaikidwa pa bulokucheni, kaundula wa pa intaneti. Ikangoikidwa, basi, palibe wosintha ngakhale kadontho. N'chifukwa chake imayamba yadutsa pa kompaila, pulogalamu ina imene imaiwerenga yonse n'kuvomera kapena kukana. Tsiku limenelo inkakana.

Gwero la vuto silinamutengere nthawi. M'mawawo anali ataitanitsa laibulale yatsopano, mafayilo olembedwa kale ndi akatswiri ena, amene aliyense amangotengako zimene akufuna. M'laibulalemo munali kachigawo konena za mwini wa kontrakiti. Tsono a Magalasi anali ndi kachitidwe kawokawo. Iwo zoitanitsa sankazikhulupirira. Ankakopera fayilo yonse n'kuiika mufoda yawo imene anaitcha "zanga". Ndiye kachigawo ka umwini kanalipo kawiri, dzina limodzi, ndipo kompaila sinkadziwa kuti imvere kati.

Wachangu, mnzake wa tebulo loyandikana, anasuzumira akutafuna chivindikiro cha bolopeni.

"Aaa, zimenezo? Fufutani chifodacho, achemwali. Mdala uja ankasunga zinthu ngati galaja. Mphindi ziwiri zatheka."

"Ndione kaye zili m'katimo."

"Muone chiyani? A kusukulu akubwera 3 koloko. Inu mukufuna ntchito kapena chikumbutso?"

Zinamupweteka Kamagalasi. Kunena zoona, nayenso fodayo inkamutopetsa. Miyezi inayi yonse ankangopunthwa pa zinthu za bambo ake: kapu yothyoka chogwirira m'dirowa, mpando wopendekera kumanzere, timapepala tomata pansi pa kiyibodi. Chala chinafika pa batani lofufutira. Kenako anatsegula mafayilo awiriwo, ina uku ina uku, n'kuyamba kufananitsa mzere ndi mzere.

Anali ofanana mpaka chakumapeto. Pamenepo fayilo ya a Magalasi inatalika ndi mizere khumi ndi iwiri. Mu laibulale, ukapereka umwini kwa munthu wina umangolemba adiresi yake, chimndandanda chija cha manambala ndi zilembo, ndipo wapita pomwepo. Mwa a Magalasi, umwini sunkachoka mpaka wolandirayo atavomera yekha. Pamwamba pa mizereyo panali ndemanga, imene kompaila siwerenga koma munthu:

"Osachotsa. Dzanja lamanja layamba kundinjenjemera. Ndikalakwitsa adiresi, pakhale pobwerera."

Analembapo ndi tsiku, monga ankachitira nthawi zonse. Chinali chaka chathunthu asanagwe.

Kamagalasi anaiwerenganso ndemangayo. Kunyumba onse ankati matendawo anabwera ngati mphenzi. Anakwiya, anamvanso chisoni, koma wotchi ya pakhoma sinali kudikira aliyense.

Fodayo sanaifufute. Anabwerera pa mzere woitanitsa laibulale n'kusankha zokhazo zimene ankafuna, ndipo kachigawo ka umwini ka m'laibulale anakapatsa dzina lina kuti kasalimbane ndi ka bambo ake. Zofiira zinasintha: fayilo ya a Magalasi inkafuna kompaila yakale. Anakonza mzere woyamba, umene umatchula kompaila yofunika. Kunatuluka zina zitatu. Nthawi ya nkhomaliro inadutsa iye ali pomwepo, Wachangu akupukusa mutu uku akudya.

"Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, eti? Agoneratu mpaka mawa amenewo."

Hafu pasiti thuu, zilembo zinatuluka zobiriwira.

Mlembi wa sukulu ya anamwino anafika pa nthawi yake, mayi wa chikwama chachikulu amene sanafune kukhala pansi. Abwana anaima kumbuyo kwa mpando, manja m'thumba. Kontrakiti inaikidwa bwinobwino. Chinatsala n'kupereka umwini ku sukulu. Kamagalasi anamata adiresi, anadina, n'kuuza mlembiyo kuti avomere pa foni yawo.

"Ikukanatu," anatero mlembi. "Ikuti si ine."

Kamagalasi anayang'ana zimene anamata. Sinali adiresi ya sukulu. Inali yoyesera, imene anakopera m'mawa ali mkati molimbana ndi zofiira zija, ndipo kiyi yake yachinsinsi, yovomerera umwini, anali ataitaya kale. Akanatsata laibulale, kontrakiti ikanapita kwa mwini amene kulibe, mpaka kalekale, mlembi ndi abwana akuonerera.

"Pepani, mayi, ndalakwitsa ndine. Tiyesenso."

Anakopera adiresi yoona, anaiwerenga mokweza mpaka kumapeto, n'kutumizanso. Foni ya mlembi inalira. Zinatheka. Wachangu anadzuka mwakachetechete kukatunga madzi amene sankawafuna. Abwana anaperekeza mlendo, ndipo pobwera anangogogoda patebulo.

"Mawa 8 koloko. Ndipo mpandowo muusinthe, wapendekera."

Kamagalasi anafika kunyumba dzuwa likadalipo. A Magalasi anali pawindo pamene amakhala masiku onse, dzanja lamanja lili papilo. Amayi ake ankapinda zovala pasofa.

"Amayi, dzanja la ababa linayamba liti kunjenjemera?"

Amayi anaima ndi malaya m'manja. "Wakuuza ndani?"

"Eni ake."

Amayi anayang'ana mwamuna wawo, amene pakamwa pake panali pasanatuluke mawu omveka chigwereni. Kenako anapitiriza kupinda.

"Anandiletsa. Anati ukamva usiya sukulu n'kubwera kudzawalembera. Unali utatsala ndi chaka chimodzi."

"Ndiye anangokhala chete? Osapita n'kuchipatala komwe?"

"Bambo akowa ukuwadziwa."

Ankawadziwadi. Anafuna kukalipa, koma wokalipiridwayo ankangomuyang'ana kudzera m'magalasi aja, mbali imodzi ya nkhope ikuyesa kumwetulira. Anapita kukhitchini n'kubwera ndi tiyi m'kapu ya pulasitiki. Masiku onse ankawamwetsa yekha. Ulendo uno anaiika m'dzanja lawo lamanzere. Zala zinafufuza chogwirira, zinaphonya, zinafufuzanso. Tiyi anagwedezeka mpaka m'milomo mwa kapu.

"Gwirani, ababa. Ine sindisiya mpaka mutagwira."