Ibidun Sanasankhe Ibadan

"Mayi, tafufutani apo palembedwa Osogbo, mulembepo Ibadan," anatero a Gbadebo, atawerama pa tebulo ngati kompyutayo anagula ndi iwo.

Mayi wa pa malo olembetsera mayesowo sanafulumire. Anayang'ana kaye mtsikana amene anakhala pampando, Ibidun, mwana woyamba wa a Gbadebo, yemwe anali atangozyolika.

"Mwanawe, mayeso unalemba ndiwe. Ukufuna tisinthe?"

"Nanga ine ndayankhulayu ndine mphepo?" anafunsa a Gbadebo.

Ibidun anali atapeza malikisi 298 pa 400 pa mayeso olowera ku yunivesite. Aka kanali kachiwiri kulemba. Chaka chapitacho anapeza 254, udokotala unamuphonya, ndipo anakhala chaka chathunthu akuwerenga kuseri kwa mashelefu a sitolo ya mankhwala ya bambo ake. Udokotala munthu amalowa akangomaliza sekondale, zaka zisanu ndi chimodzi osatulukamo, koma khomo lake ndi lopapatiza, ndipo yunivesite imayang'ana okhawo amene anaiika pa malo oyamba. Ibidun anali atafufuza bwinobwino. Anaika yunivesite ya mumzinda wawo wa Osogbo, kumene 298 inali yokwanira ndi kutsalako.

Koma zotsatira zitatuluka, 298 ija inawalowa m'mutu a Gbadebo. Bamboyu ali mnyamata anayesa katatu kulowa udokotala ku yunivesite yaikulu ya ku Ibadan, ndipo katatu konse anabwerako chimanjamanja. Nkhaniyi sankaikamba, koma m'nyumbamo munalibe amene sankaidziwa.

"Bambo," ananong'ona Ibidun, "ku Ibadan kukapita a 320, a 330. Komanso kuli mayeso ena awoawo. Ndikangophonya pang'ono, a Osogbo sadzandiyang'ananso."

"Uphonya bwanji? Mutu umenewu ndi wa kwathu. Munthu wa 298 aziphunzira kuseri kwa msika, masana n'kumabwera kudzadya amala, nsima ya kwathu kuno, kwa amake? Iyayi."

Pamzere panali mayi wina wamkulu thupi, wa duku lalikulu, amene anabwera ndi mdzukulu wake. Miyendo inali itamutopera ndipo pakamwa panamuyabwa.

"Akulu, ngati Ibadan ikukusowetsani tulo, gulani fomu yanu mukalembe. Kulibe lamulo loletsa imvi. Mwanayo musiyeni, ife tikuchedwa!"

Mzere wonse unafa nacho chiseko. Ibidun ataona nkhope ya bambo ake anadziwa kuti zatha. Akanakhala awiri kunyumba mwina akanalimba mtima. Koma mwana amene m'mawa uliwonse amagwada popereka moni kwa bambo ake sakanatha kuwatsutsa pamaso pa anthu amene akuwaseka kale. Kukanakhala kuwavula pagulu.

"Sinthani, mayi," anatero.

"Watsimikiza? Zikalowa zalowa."

Ibidun anangoika chala chachikulu pa kagalasi kodindira, kompyuta n'kulira kamodzi.

Kunyumba anapeza mayi ake, a Remilekun, akusankha nyemba pakhonde. Atamva zimene zachitika anaika lichero pansi.

"Bambo a Ibidun, mwati mwatani?"

"Ndamuika pamene ayenera kukhala."

"Mwana anakhala miyezi itatu akufunsa aphunzitsi, akulemba manambala m'kope, inu mwafufuta zonsezo ndi pakamwa pokha? Inu ntchito yanu ndi kugulitsa panado. Za yunivesite munazidziwira kuti?"

"Mkazi iwe, samala pakamwa."

"Ndisamala. Koma zikavuta musadzandiuze kuti ndi chifuniro cha Mulungu, chifukwa Mulungu kumalo a kompyutako kunalibe. Kunali inu."

A Gbadebo anangopukusa mutu n'kupita kusitolo. Asanafike n'komwe anali atauza kale wometa tsitsi, wogulitsa mafuta ndi akabaza awiri kuti mwana wawo akupita ku Ibadan.

Kunena zoona, Ibidun sananyanyale. Anawerenga ngati wamisala. Mu Ogasiti bambo ake anatseka sitolo tsiku lonse, chinthu chimene sanachitepo ngakhale pa maliro a apongozi awo, n'kumuperekeza ku Ibadan kukalemba mayeso a yunivesiteyo. M'basi anamugulira akara, zitumbuwa za nyemba, ndi buledi. Atafika ankamuonetsa nyumba iyi ndi iyo, mayina ake onse ali pamtima, ngati munthu amene anaphunzirapo. Ibidun anawamvera chisoni tsiku limenelo, chifukwa sanawaonepo akusangalala chotero.

Mndandanda wa osankhidwa unatuluka mu Okutobala. Atawonkhetsa zonse, Ibidun anaperewera ndi malikisi osakwana awiri. Yunivesite inamulembera kuti ku udokotala kwadzaza, koma ngati akufuna angathe kuphunzira za zomera.

A Gbadebo anawerenga uthengawo pafoni katatu. M'mawa mwake anavala chovala chawo cha ku tchalitchi n'kupita ku yunivesite ya Osogbo, pepala la 298 lili m'manja. Anadikira mpaka masana. Bambo wa mu ofesi anawalandira mwaulemu, n'kuyang'ana pepalalo nthawi yaitali.

"Awa ndi malikisi abwino kwambiri. Akanakhala pa mndandanda wathu, bwenzi ali mwa khumi oyambirira. Anatichotseranji?"

A Gbadebo anangotenga pepala lija n'kuyamba kulipinda.

"Pepani, bambo. Malo onse tinapereka kale kwa amene anatisankha."

Chimene chinawamaliza chinabwera Loweruka. Mayi ake a Sekinat, mtsikana amene anali mnzake wa Ibidun kusekondale, analowa pageti ndi mbale yaikulu ya mpunga ndi nyama, akuvina pang'onopang'ono.

"Tithandizeni kuthokoza, anzathu! Sekinat wanga amutenga udokotala pompano pa Osogbo. Ndi 271 yokha, tangoganizani! Ine wogulitsa tsabola ndidzakhala mayi a dokotala. Nanga wathu wanzeruyu, ku Ibadan akuyamba liti?"

Mayiyu sankanyoza, sankadziwa kanthu. A Remilekun analandira mbale ndi manja awiri, kumwetulira kuli kouma. Ibidun anagwada, n'kunena kuti akumufunira Sekinat zabwino zonse, ndipo ananenadi zochokera pansi pa mtima. Kenako analowa m'chipinda n'kutseka chitseko mosamenyetsa. A Gbadebo anatulukira khomo la kuseri, ndipo mpungawo sanaulawe.

Masiku otsatira a Remilekun sananene kuti ndinakuuzani. Zikanakhala bwino akananena, chifukwa kukhala chete kwawo kunkapweteka kuposa mawu. Kusitolo anthu ankafunsabe za Ibadan, ndipo a Gbadebo ankayankha kuti zikuyenda, maso ali pa mabotolo. Chisoni chinawadya. Ankakumbukira funso la mayi wa kompyuta uja, ndi mmene iwo anamuyankhira mwathamo, manyazi n'kuwagwira ngakhale ali okha.

Lachitatu m'mawa anapeza Ibidun akusita zovala pa tebulo lodyera, zina atazipinda kale pampando. Anaima pakhomo kanthawi, akukonza kukhosi.

"Ibidun."

"Bambo." Anagwada pang'ono n'kubwerera ku simbi.

"Ndaganiza. Ulembenso chaka chamawa. Ndikupezera mphunzitsi wabwino wa sayansi, kusitolo usamabwerenso. Ulendo uno usankha wekha, ine sindipitako n'komwe."

"Ndavomera kale za zomera, Bambo. Ndinapita dzulo kumalo a kompyuta kuja."

"Wavomera? Zamasamba? Iwe wa 298?"

"Eya."

"Koma mwana wanga, chaka chimodzi chokha. Chimodzi! Udokotala unkaufuna kuyambira uli wamng'ono, unkamanga mabandeji amphaka a anthu."

"Ndikuufunabe." Anaika simbi choimika n'kuwayang'ana. Maso ake anali ouma. "Koma mabuku amene aja ndawawerenga zaka zitatu. Ndikangowatsegula mutu umandiwawa. Chaka chino ndinapereka zonse zimene ndinali nazo, Bambo, ndipo zinakwana. Zinakwana ndithu. Sindikudziwa ngati ndingadzapezenso 298, ndipo kukhala pano n'kumaona Sekinat akudutsa pageti m'mawa uliwonse, ine sindingathe."

"Ndikakambe ndi amako, mwina..."

"Amayi akudziwa. Anandiperekeza ndi iwo."

Apo a Gbadebo anakhala pansi, pamwamba pa zovala zopindidwa zija, osazindikira. Anali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi ndipo chibadwire sanapepesepo mwana. Kwawo bambo akalakwa amagula nyama yootcha madzulo, kapena nsapato zatsopano, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma apa anaona kuti kulibe nsapato imene ingakwane.

"Ibidun," anatero motsitsa, "unali utasankha bwino. Ndinalakwa ndine."

Anadikira. Ankayembekeza kuti mwana anena kuti palibe kanthu, monga amanenera ana onse oleredwa bwino, kuti nawonso apumeko.

Ibidun anatenga malaya ena n'kuwayala pa tebulo.

"Ndikudziwa, Bambo," anatero. "Tadzukani pang'ono, mwakhalira zovala zanga za ku Ibadan."