Tsiku Limene a Ambrose Anatisiya

Kwathu kuno kwa Mponda mjigo uli ndi dzina. Timautcha a Ambrose, chifukwa amene anaukumbitsa nthawi ya kampeni ndi a Ambrose, ndipo analemba dzina lawo pa simenti isanaume. Tinawavotera, anakhala khansala, kenaka anasamukira ku Blantyre kumene ali ndi mabizinesi. Ife tinatsala ndi dzina lawo basi. Mwana ukamutuma madzi umangoti, "Thamangira kwa a Ambrose," iye amadziwa kopita.

Mjigowo utafa, anthu anangobwerera ku Shire ngati palibe chachitika. Ine ndine Asiatu, ambiri amangonditchula kuti Abiti, ndimagulitsa nsomba zowamba pamsika, ndipo ndili ndi mwana mmodzi yekha, Shakila, amene ali ku sekondale. M'mawa ndimalawirira kukagula nsomba kwa asodzi, choncho wotunga madzi ndi iyeyo. Ku doko kumene akazi amatunga kuli ng'ona, ndipo izi si nkhambakamwa. Tsiku lina Shakila anabwera wopanda ndowa, chitenje chitanyowa mpaka m'chiuno. Ng'ona inavuuka n'kugwira ndowa m'malo mwa dzanja lake. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire.

Ndinayenda khomo ndi khomo kuitanira anthu msonkhano woti tikonze mjigo. Mayankho ake ndimawakumbukira mpaka lero.

"Mwini wake abwera adzakonze."

"Ife za ndale ayi, Abiti. Timangovota n'kumapita kunyumba."

"Kukhala zitenje kumeneko? Nanga fanta?"

Amuna ena anandiuza poyera kuti madzi ndi nkhani ya akazi, ngati iwo amasamba mchenga. Tsiku la msonkhano ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi amayi angapo osadzaza ndi mkeka womwe, kuphatikizapo mbuzi imene inabwerera mthunzi. Ndinabwerako mtima uli m'mwamba, ndipo m'mawa mwake Shakila anapitanso ku doko ndi ndowa yobwereka.

M'mawa womwewo ndinakwera njinga yamoto ya Che Latif popita kumsika. Che Latif anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni, kumene anakhala zaka zambiri, ndipo njingayo anagula kuti azichita kabaza. Mjigo unakumbidwa iwo ali kunja, moti za dzina lake sankazidziwa. A Ambrose amene ankawadziwa iwo ndi munthu, mnzawo wa ku pulayimale.

"Bwanji nkhope yakwinya chonchi, Abiti?" anandifunsa akumasula dengu langa.

"Isakwinye bwanji? A Ambrose afa, anthu angoti phee. Inu mumayenda ponseponse, kawauzeni, mwina amva inu."

Che Latif anagwira pamtima. "Innalillahi," anatero motsitsa, n'kuliza njinga. Ine ndinaganiza kuti bambowa ndi achifundo kwambiri, mpaka kudandaulira mjigo chonchi.

Tsono Che Latif ndi munthu waulemu. Pakamwa pawo munthu safa ayi. Imafa ndi nkhuku, imafa ndi wailesi. Munthu amamwalira, kapena amatisiya. Choncho anakonza mawu anga kuti amveke bwino, ndipo paliponse pamene ankaima ankati, "Mwamva zovuta? A Ambrose atisiya." Palibe munthu pa dziko lino amene anganene kuti mjigo watisiya, n'chifukwa chake palibe amene anakayika.

Dzuwa lisanafike pamutu msika unali utatsala ndi ntchentche zokha. Ndinamva kuti kwagwa zovuta kwa a Celestina, achemwali awo a Ambrose, amene nyumba yawo yayang'anana ndi mjigo. Ndinafunditsa nsomba zanga n'kuthamangira komweko, nanenso ndikukhulupirira kuti munthu wamwaliradi. A Celestina anali atachokera kumunda n'kupeza khamu pakhomo pawo. Anayesa kuimbira achimwene awo, foni osalowa, basi anadzigwetsa pansi n'kuyamba kulira.

Zimene ndinaona pabwalopo zinandidabwitsa kwambiri. Palibe amene anayenda khomo ndi khomo, palibe amene analonjeza chitenje, koma aliyense ankadziwa ntchito yake. A Eduardo, okonza njinga amene makolo awo anachokera ku Mozambiki, anali atamangitsa kale chisakasa. Amayi a ku mzikiti ndi amayi a ku tchalitchi anali atagawana zochita, awa akulandira ufa, awa akuwerengera nkhuni. Mbale ya chipepeso inali ikuyenda. Adzukulu anali pambali ndi makasu awo kudikira kumva ngati thupi libwera kuno.

Ndiye panafunika madzi, poti maliro sayenda opanda madzi. Akazi ananyamuka mumzere kupita ku Shire, Shakila wanga ali momwemo. Patsogolo pawo panali amuna onyamula nkhafi ndi nsungwi, oti akamenye madzi kuthamangitsa ng'ona akaziwo asanatunge. Amuna omwe aja a madzi ndi nkhani ya akazi! Ndinapsa mtima. Mwana wanga akuperekezedwa lero chifukwa cha munthu wakufa, pamene masiku onsewa amapita yekha.

Akaziwo atangotula ndowa, foni ya a Celestina inalira. Anaiyang'ana, n'kukuwa, n'kuiponyera pamkeka. A Eduardo anaitola n'kuikweza kuti tonse timve.

"Achemwali, kwachitika chiyani kumeneko?" Anali mawu a a Ambrose, amphamvu bwinobwino. "Ndangoyatsa foni, anthu akundipepesa maliro anga omwe!"

Wina anaphulika kuseka, bwalo lonse n'kutsatira. Anthu anayamba kufunsana kuti wanena ndani, ndipo chala chinayenda mpaka chinafika pa Che Latif. Iwo anandiloza ine. Apo m'pamene ndinazindikira zimene zinachitika. Ena anali atayamba kale kupinda mikeka ndi kufunafuna nsapato.

Ndinaimirira pakati pa bwalo. Mawu anga anazolowera msika, safuna chimkuzamawu.

"Musapite! Maliro alipo, ndipo mtembo uli apo." Ndinaloza mjigo. "A Ambrose amene ndinanena ine ndi awo. Anafa kalekale, tonse tikuwaona, palibe anawalira. Ng'ona inalanda ndowa m'manja mwa mwana wanga. Ikanamugwira dzanja, bwenzi mutabwera chonchi, ndi ufa, ndi nkhuni, ndi chisakasa. Ine ufa wanuwo sindikuufuna. Ndikufuna mwana wanga wamoyo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

Palibe anaseka. Ndinapitiriza, mtima utakhala m'malo tsopano.

"Mumati tilibe atsogoleri. Nanga wamangitsa chisakasa ichi ndani? Wagawa ntchito kwa amayi ndani? Watuma anyamata ku doko ndani? Atsogoleri tili nawo, kungoti timawasungira akufa."

A Celestina anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Anatenga mbale ya chipepeso n'kuiika m'manja mwa a Eduardo. "Mwini maliro wakana kufa," anatero. "Izi zipite kwa mtembo weniweniwo."

Foni ija inali isanadulidwe. A Ambrose anayamba kulankhula kuti nkhani ya mjigo akuidziwa, ndipo atumiza anthu posachedwapa. A Celestina anawadula. "Achimwene, inu pumulani. Mwambo tikuyendetsa tokha."

Tinauyendetsadi ngati mwambo wa maliro, chifukwa ndi njira imene tonse timaidziwa. Adzukulu anasiya makasu n'kuyamba kuzula mapaipi, a Eduardo akuwatsogolera. Anapeza kuti malabala a pansi anatha, ndipo chitsulo china chinaduka. Che Latif, pofuna kutsuka manyazi, anathamanga ndi njinga kukagula zofunikazo ku Boma, ndipo za mafuta sanatchule. Amayi anaphika ufa uja kuti ogwira ntchito adye. Tisanabalalike tinasankhana pomwepo: wa uthenga, wa zitsulo, wosunga mbale, ndi woyang'anira amuna operekeza akazi ku doko mpaka mjigo utadzuka. Ine anandisankha kukhala wapampando, ati chifukwa pakamwa panga sipatopa. Ndinavomera, poti sananame.

Madzi anatuluka tsiku lotsatira. Anayamba ofiira, kenaka oyera, amayi akululutira ngati kwabadwa mwana. Gulu lija silinathe. Timakumana Lachisanu lililonse anthu akatuluka ku mzikiti, ndipo tapitako kale ku khonsolo, tonse pamodzi, kukafunsa za mlatho wa ana asukulu umene unakokoloka. Amene amafunsa za fanta alipobe, koma amabwera ndithu. Dzina la pa simenti lija sitinalifufute, tinangosiya kulitchula.

Loweruka lina sindinapite kumsika. Ndinali pakhonde ndikusankha mpunga pamene Shakila anatuluka ndi ndowa yatsopano. Thupi langa linadzidzimuka lokha monga mwa masiku onse aja, ndipo ndinaimirira n'kutsala pang'ono kutaya lichero.

"Ukupita kuti?"

"Ku mjigo wathu, amayi."

Ndinakhalanso pansi. Ndinamuyang'ana akudutsa pa nyumba ya a Celestina, akuimba kanyimbo kake, ndowa ikugunda pa mwendo. Ndinalira pamenepo, ine amene sindinagwetse msozi pa maliro a a Ambrose.