Tsamba la Malemu Amuna Anga

"Sindimadziwa kuti munali awiri," anatero mayi amene ndinkamuyeza m'chiuno.

Ndinali nditaluma mapini atatu. Ndinawalavulira m'dzanja n'kumufunsa kuti awiri bwanji.

"Pa malemu aphunzitsi aja. Ndimafuna kudziwa tsiku limene anamwalira, ndiye ndinalemba dzina lawo pa intaneti. Onani nokha."

Anandipatsa foni yake. Pamwamba penipeni panali chithunzi cha amuna anga atavala jekete limene ndinawasokera ndekha. Pansi pake panali mizere iwiri yonena kuti malemu asiya mkazi wawo, kenako dzina. Dzinalo silinali langa. Linali la mkazi amene anasiyana naye kalekale, ine ndisanawadziwe n'komwe. Nditadina pamenepo tsamba lonse linatseguka, ndipo ndinadzipeza kumapeto, pafupi ndi amene anabwereketsa mipando pamaliro: "mayi wina wosoka zovala amene ankathandiza pa matenda."

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri m'nyumba imodzi, ine n'kukhala mayi wina.

Wolemba mawuwo sindinachite kumufunsira. Anali alamu anga, akulu awo a malemu, amene timawatcha a Tayi chifukwa ngakhale pokataya zinyalala amamanga tayi. Mkazi woyamba uja ndi mng'ono wa akazi awo a Tayi, choncho kwa iwo ine ndinali wolowerera kuyambira tsiku loyamba.

Ndinakhoma kachipinda kanga kosokera dzuwa lili pamutu, ulendo ku laibulale kumene amagwira ntchito mng'ono wanga. Ndinamupeza akumata manambala pamsana pa mabuku. Ndinatsegula tsamba lija pa foni yanga n'kuiponya pa tebulo lake.

"Undifufutire zimenezi. Pompano."

Anawerenga mpaka kumapeto, n'kupuma mozama.

"Zimenezi sizili m'foni mwanu, asisi. Tsambali lili pa kompyuta ina imene sizimitsidwa, amaitcha seva, mwina ili kudziko lina. Foni yanu imangopita pa keyala ya tsambalo n'kupempha kope loti muwerenge. Amene angasinthe zolembedwazo ndi amene ali ndi mawu achinsinsi olowera."

"Sindinabwerere sukulu kuno. Ngati sungathe, unene kuti ndakanika."

"Ndakanika. Koma khalani pansi mumve, mungakachite zopusa."

Anandikokera kukona kumene kuli kabati yakale ya timadirowa. Anatsegula kamodzi, modzaza makadi achikasu.

"Munthu akafuna buku, ine sindiyenda mashelefu onse. Ndimayang'ana khadi, khadi limandiuza pamene buku lili. Makina ofufuzira nawonso ndi choncho. Ali ndi timapulogalamu timene timayenda usana ndi usiku, kuchoka tsamba ili kupita lina potsata maulalo, mawu aja mumadina kuti mufike pa tsamba lina, n'kumakopera mawu mu kalozera wawo. Mukalemba dzina la malemu, amayang'ana mu kalozeramo. Mizere iwiri ija ndi khadi chabe. Buku lili kwa a Tayi."

"Nanga bwanji bodza lawolo lili pamwamba?"

"Palibe tsamba lina limene likunena zambiri za malemu. Komanso ophunzira awo akale anaika ulalo wolozera kumeneko pa tsamba lawo. Limene ambiri akuliloza ndilo limakwera."

Akuyendetsa chala pa tsamba la a Tayi lija, anaima pa timabatani titatu tam'munsi, toseweretsa mawu ojambulidwa. Anandipatsa zomvera m'makutu. Amuna anga ankaphunzitsa nyimbo, ndipo ankakonda kudzijambula mawu pa foni akamayeserera. Ndinawamva akukonza kukhosi, n'kuyamba kuimba, n'kulakwitsa, n'kudziseka okha. Chapansipansi kunkamveka makina anga akusoka. Kenako anati, "Amayi, taimitsani kaye chigayo chanucho." Foni imeneyo a Tayi anaitenga pa tsiku la maliro, ati kuti aimbire achibale, ndipo sinabwererenso.

Ndinavula zomverazo n'kunyamuka.

"Dikirani, asisi, tiyambe takopera mawuwa," anatero mng'ono wanga. Koma anthu anali atandanda pa tebulo lake ndi mabuku, ndipo ine ndinali nditafika kale pakhomo.

A Tayi ndinawapeza pabalaza pawo, pa sofa yokutidwa ndi pulasitiki, kompyuta ili pa miyendo. Sanandiuze kuti ndikhale.

"Mwabwera ndi chiyani, atelala?"

"Ndabwera ngati mkazi wa mng'ono wanu. Mukonze zimene munalemba."

"Ndinalemba zimene banja likudziwa."

"Banja liti? Limene linabwera kuchipatala kawiri, kachiwiriko kudzafunsa ngati kwatha? Amene ankawatembenuza pabedi ndani? Amene ankachapa zoipa zawo ndani?"

"N'chifukwa chake tinakuthokozani. Dzina la ntchito yanu lilipo."

Akazi awo anaseka ali kuseri kwa katani ya kukhitchini. Ndinawauza kuti tayi imabisa khosi, sibisa mtima wovunda. Ndinawauza kuti mng'ono wawo ankazimitsa wailesi akamva kugogoda kwawo, kuti aoneke ngati kulibe. Zinali zoona, koma sizinali zoyenera kunena tsiku limenelo.

Nkhope yawo inauma. Anatembenuza kompyuta ija kuti ndizionera.

"Tsamba langa lakunyansani? Chabwino."

Analemba mawu awo achinsinsi, n'kudina apa, n'kudina apo. Kanatuluka kabokosi kofunsa ngati atsimikizadi kufufuta zonse. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira timabatani titatu tija.

"Alamu, dikirani. Mawu awo aja..."

Anadina akundiyang'ana m'maso.

"Ndiye mundipatse foni yawo," ndinatero.

"Ndinaipukuta yonse. Ikugwira ntchito zina. Potuluka mutseke chitseko, ntchentche zingalowe."

Ndili m'basi pobwerera ndinalemba dzina la amuna anga pa foni. Mizere iwiri ija inali pomwepo, pamwamba, ndi dzina la mkazi uja. Nditadina, panatuluka tsamba loyera mbee ndi mawu oti chimene mukufuna sichikupezeka. Bodza linatsala, mawu a amuna anga n'kupita.

Ndinamuimbira mng'ono wanga ndikukalipa ngati ndiye wolakwa.

"Buku lawotchedwa koma khadi likadali m'dirowa," iye anatero. "Lidzachoka timapulogalamu tija tikadzadutsanso n'kupeza kuti pa keyalayo palibe kanthu. Mwina sabata, mwina mwezi. Ndinakuuzani kuti mudikire."

"Ukanakopera iweyo! Unali ndi kompyuta pamphuno pako!"

"Ndinali ndi anthu khumi pamzere, ndipo sindinadziwe kuti mlongo wa mkango akupita kukaluma munthu masana omwewo."

Tinakhala masiku anayi osalankhulana. Tsiku lachisanu anabwera kosokera kwanga osagogoda, n'kukankha nsalu za eni ake, n'kuika kompyuta pa tebulo lodulira. Anati pali malo ena pa intaneti amene amasunga zithunzi za masamba akale, ndipo tsamba la a Tayi analijambulapo kamodzi. Tinalitsegula. Mawu olembedwa onse analipo, mpaka "mayi wina wosoka zovala." Timabatani titatu tinaliponso, koma tikadina sitinkalira. Anasunga chikuto chokha, mawu enieniwo anali m'mafayilo ena amene sanawakopere.

Ndinalira pamenepo, mphumi ili pa makina. Iye anandisiya mpaka ndinatopa.

"Tsopano lembani lanu," anatero. "Mutu wake ukhale dzina lawo lonse, monga mmene anthu angalilembere pofufuza. Tsiku lobadwa, tsiku lomwalira, sukulu zimene anaphunzitsa. Za a Tayi musalembemo, mungawakweze nawo."

Ndinalemba kwa masabata awiri, pakati pa madiresi. Ndinaikamo zithunzi makumi atatu ndi kalata yathu ya ukwati. Mawu achinsinsi ndinasankha ndekha, ndipo zonse ndinazisunga malo atatu osiyana. Mng'ono wanga analembera ophunzira akale aja kuti ulalo wawo ukuloza pachabe, ndipo anausintha kuti uziloza kwathu. M'mawa uliwonse ndisanayambe kusoka ndinkalemba dzina lija. Tsiku lina mizere ya a Tayi inasowa. Patapita masiku asanu ndi anayi, tsamba langa linatulukira, poyamba lachinayi, kenako pamwamba.

Mawu a amuna anga sindinawapezenso. Ndinafunsa ophunzira awo onse, palibe amene anawakopera.

A Tayi anabwera okha mwezi wotsatira. Anaima pakhomo pa kachipinda kanga, tayi yofiira ili pakhosi, makasitomala awiri ali pa benchi.

"Mwaika dzina la banja lathu pagulu popanda chilolezo. Mundipatse mawu olowera, ndikonze zina ndi zina."

"Simuwapeza."

"Ndine mkulu wake wa malemu."

"Ine ndine mkazi wake. Sunthani, mukutchinga kuwala."

Anayang'ana makasitomala aja, mwina kufuna wowathandiza. Mmodzi anali kusankha mabatani, winayo anangoti maso pa iwo osaphethira.

"Kuyambira lero sitikudziwana," anatero. "Ngakhale pamaliro anu sindidzapondapo."

"Pa anu ine ndidzabwera, alamu. Ndipo ndidzakhala kutsogolo."

Anatembenuka mwaukali mpaka jekete lawo linakola pa msomali wa chitseko n'kung'ambika pathumba. Anaima pang'ono atagwira pong'ambikapo. Ine ndinaponda makina n'kupitiriza mpendero wa diresi la eni ake.